Kuyesa patch ya kernel yokhudza disiki kuno ku Chipata: njira zinayi ndi mtengo wake weniweni

Patch (chigamba chosintha code) ya kernel (phata loyendetsa kompyuta) ya Linux ikalakwika pa Wi-Fi kapena pa mawu, mumadziwa tsiku lomwelo. Intaneti yakana, spika yangoti zii, mwabwerera ku kernel yakale, nkhani yatha. Ikalakwika pa disiki ndiye zina. Kompyuta imayaka bwinobwino, mafayilo amatseguka, mabuku a ndalama a kopaletivu akuoneka olondola, pomwe pansi pake ma byte ena akulembedwa pamalo osayenera. Ndi ntchito ya nankafumbwe m'nkhokwe: kunja chimanga chikuoneka chathunthu, tsiku lofuna kukonola n'kupeza fumbi lokhalokha. Tsiku limenelo likamafika, ma backup anu nawo amakhala atakopera kale zowonongekazo.

Zawachitikirapo ngakhale eni ake a kernel. Chakumapeto kwa 2018, ogwiritsa ntchito kernel 4.19 anayamba kudandaula kuti ext4, filesystem (dongosolo losungira mafayilo pa disiki) ya Linux, ikuwononga mafayilo. Milungu inapita anthu akuloza chala ext4, kenako n'kupezeka kuti cholakwa chinali pansi pake, mu blk-mq, gawo lomwe limandandalika zonse zopita ku disiki. Chinakonzedwa mu 4.19.8. Mu Marichi 2021, 5.12-rc1 inkalemba za swap file (fayilo yomwe imathandizira RAM ikadzaza) pamalo olakwika, mpaka Linus Torvalds anasintha dzina la tag yake kukhala v5.12-rc1-dontuse. Koma yomwe ikutikhudza kwambiri ndi ya Disembala 2023. Patch ya ext4 inatengedwa ku kernel yatsopano n'kuikidwa mu 6.1.64 popanda kusintha kwina komwe inkadalira, ndipo deta yolembedwa ndi direct I/O inkatha kuwonongeka. A Debian, omwe amatulutsa mtundu wina wa Linux, anaimitsa Debian 12.3, n'kudzatulutsa 12.4 yokhala ndi 6.1.66.

Imatikhudza chifukwa ambiri a ife sitilemba patch yathuyathu. Timatola yolemba ena n'kuibweza ku 6.1, 6.6 kapena 6.12 yomwe ili pa seva ya kuntchito. Patch yotero ikhoza kulowa git (pulogalamu yosunga mbiri ya code) osadandaula, kernel n'kukompailika, n'kuyaka, koma ili yolakwa ndithu.

Zoyang'ana musanasankhe njira yoyesera patch

Choyamba, kodi njirayo ikutha kudula ntchito pakati, disiki ili mkati molemba? Zolakwa zambiri za filesystem zimabisala pomwepo, pakati pa fsync (lamulo lokakamiza zolembedwa kufika pa disiki) ndi kuzima kwa malaiti. Mayeso osafika pamenepo sanakhudze vuto lomwe limatigwera kawirikawiri kuno.

Chachiwiri, kodi ikuwerenganso zomwe zinalembedwa n'kuziyerekeza byte ndi byte? Kumbukirani kuti ext4 ndi XFS zimaika checksum (nambala yotsimikizira kuti deta sinasinthe) pa metadata yokha, yomwe ndi zofotokoza za mafayilo monga mayina ndi malo ake. Zamkati mwa fayilo zikasintha sizikuuzani. Btrfs imaika checksum pa zonse ziwiri, ndipo dm-integrity, yomwe inalowa mu 4.12 m'chaka cha 2017, imachita zimenezi pansi pa filesystem iliyonse.

Chachitatu, kodi mungabwereze mayeso omwewo kangapo, pa kernel yopanda patch ndi pa yokhala nayo? Mukapanda kuyamba mwayesa yopanda patch, simudzadziwa ngati cholephera chabwera ndi inu kapena chinalipo kale.

Chachinayi, kodi deta yeniyeni ya anthu ili kutali ndi malo oyeserawo?

Ndiye pali zathu zakuno. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, madera ambiri ankakhala ndi malaiti maola ochepa okha pa tsiku, pomwe mayeso ena amafuna usiku wathunthu osadukiza. Bandulo nayo ndi ndalama: git clone yathunthu ya kernel ndi ma GB angapo, pomwe tarball (fayilo imodzi yopanikizidwa ya code) ya 6.x ili pakati pa 130 ndi 150 MB. Chinthu chikapsa, nthawi zambiri china chimachokera ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road.

Zida zoyesera n'zofanana kulikonse

Njira iliyonse mungasankhe, mapulogalamu ndi omwewa, ndipo onse ndi aulere. fstests, yomwe inayambira ku SGI ngati xfstests, imayesa ext4, XFS, Btrfs ndi ena. Imafuna madisiki awiri, TEST_DEV ndi SCRATCH_DEV. Lamulo la ./check -g quick limatha msanga, pomwe -g auto limadya maola angapo. blktests imayesa zapansi pa filesystem: block layer, NVMe, SCSI, loop. fio ya Jens Axboe, mukaipatsa --verify=crc32c, imalemba kenako n'kuwerenganso kuti ione ngati zabwerera momwe zinapitira. Mu kernel momwemo muli madisiki onamizira kudwala: dm-error imakana zonse, dm-flakey imagwira ntchito pang'ono n'kusiya, scsi_debug imatengera disiki ya SCSI mu RAM. Poyesa yatsani KASAN ndi lockdep, zida za mu kernel zogwira zolakwa za memori ndi za ma lock, koma mudzayesenso zitazimitsidwa, chifukwa zimachedwetsa kernel ndipo kuchedwako kumatha kubisa cholakwa chomwe chimadalira liwiro.

Kusiyana kwa njira zinayizi kuli pa malo omwe zida zimenezi zikugwirira ntchito.

Njira yoyamba: QEMU ndi KVM (kompyuta yonamizira) pa laputopu yanu

Mtengo. Ngati laputopu muli nayo kale, simugula kanthu. Yokhala ndi RAM ya 8 GB imatha, ya 16 GB imapuma bwino. Malo pa disiki ndi omwe amatha mosayembekezereka: config yathunthu ya Debian kapena Ubuntu yokhala ndi debug info imadya ma GB oposa 15, ndiponso pa ma core anayi imatenga maola. Musaiyambe n'komwe. virtme-ng imakupangirani config yaying'ono n'kuyatsa kernel yatsopano m'masekondi ochepa, kvm-xfstests ya Theodore Ts'o imabwera ndi fstests yokonzedwa kale, ndipo ccache imachititsa kuti kukompaila kwachiwiri kusakhale ngati koyamba.

Kupezeka kwake. Zonse zili m'nkhokwe za mapulogalamu za Debian, Ubuntu ndi Fedora kapena pa git. Onani ngati /dev/kvm ilipo. Ikapanda, lowani mu BIOS muyatse VT-x kapena AMD-V. Malaputopu ena ogulidwa atagwiritsidwa kale ntchito amabwera zitazimitsidwa. Ubwino waukulu kwa ife ndi batire: malaiti akapita, mayeso amapitirira kwakanthawi, ndipo ka inveta kakang'ono kapena sola imakwanitsa kuitchaja.

Kasamalidwe. Palibe zambiri. Madisiki ake ndi mafayilo wamba. Akawonongeka mumafufuta n'kupanga ena. Kernel ikachita panic (kugwa kwathunthu), uthenga wonse umatuluka pa terminal yanu, simufuna kuujambula ndi foni. N'chifukwa chake git bisect, yosaka commit (kusintha kumodzi kwa code) yomwe yabweretsa vuto, imayenda bwino kwambiri pano: mukhoza kumanga ndi kuyatsa ma kernel khumi ndi awiri masana amodzi. Komanso apa wa ku Chipata angayesere T10 Protection Information (T10 PI, chitetezo cha deta pa disiki) osagula zida zodula. Mu T10 PI sector ya ma byte 512 imawonjezeredwa 8: awiri a CRC, awiri a application tag, anayi a reference tag. Madisiki enieni otere ndi a m'ma data centre, koma scsi_debug ili ndi dif ndi dix, ndipo NVMe yonamizira ya QEMU nayo imatha kunyamula metadata ndi chitetezochi.

Zoopsa. Apa ndichedwepo, chifukwa anthu ambiri amanyengekera pomwepa. Kupha QEMU ndi kill -9 sikufanana ndi kuzima kwa malaiti. Zomwe kernel yoyesedwayo inatumiza zimakhala zili kale m'manja mwa laputopu yanu, ndipo iyo imazilemba zonse mwadongosolo. Choncho patch yoiwala kutumiza flush (lamulo louza disiki kuti ilembe zonse zomwe zili mu cache yake) imatha kupambana mayeso oterowo popanda banga. Mukaika cache=unsafe kuti zithamange, ndiye kuti flush iliyonse ikungotayidwa, ndipo mayesowo sakunenanso kanthu. Mankhwala ake ndi dm-log-writes. Imasunga chilichonse cholembedwa pamodzi ndi malo a flush ndi FUA (lamulo loti deta ilembedwe pa disiki isanavomerezedwe), kenako mumabwereza zolembazo mpaka pa flush iliyonse n'kuyendetsa fsck, pulogalamu yofufuza zowonongeka mu filesystem, pamenepo. Mu fstests, generic/455 ndi generic/482 zimachita zimenezi, generic/475 imadwalitsa disiki ndi dm-error mobwerezabwereza, ndipo generic/388 imazimitsa filesystem mwadzidzidzi n'kuona ngati idzuka. Ziyendetseni kambiri ndi ./check -i, chifukwa cholakwa cha mtundu uwu chimatha kuonekera kamodzi pa maulendo ambirimbiri.

China, SCRATCH_DEV imafomatidwa popanda kukufunsani. Musapereke /dev/sda kapena /dev/nvme0n1 yeniyeni ya laputopu kwa QEMU ngakhale kamodzi.

Njira yachiwiri: desikitopu yakale yopatulidwira mayeso okha

Mtengo. Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk yotsika m'maofesi, madisiki awiri kapena atatu omwe simudzawalira akafa, chingwe cha netiweki ndi surge protector. Muwonjezerepo ya basi yotumizira katundu ngati zikuchokera ku Lusaka. Lilongwe ili pafupi kudzera pa Mwami, koma werengerani za msonkho wapachipata musanawoloke. Ngati kuntchito kwanu kuli makompyuta ounjikidwa m'sitolo, pemphani chilolezo cholembedwa, ndipo disiki yakale muifufute kaye chifukwa mukhoza kukhala mayina a anthu.

Kupezeka kwake. Makina amapezeka. Chovuta ndi madisiki okhulupirika. Musanayese patch iliyonse, yesani kaye makinawo. Memtest86+ iyende usiku wonse, chifukwa RAM yodwala imabala zowonongeka zomwe mudzanamizira patch yosalakwa. Kenako smartctl -a pa disiki iliyonse: pa mndandanda womwe utuluke, nambala 5 ndi 197 zikakhala zokwera, disiki ikufa; nambala 199 ikamakwera, kawirikawiri vuto ndi chingwe cha SATA. Flash ndi memori kadi zogula pamsewu musazikhulupirire musanaziyese ndi f3, poti zina zimanena kukula komwe zilibe.

Kasamalidwe. Iyi ndiyo njira yofuna manja. Mangani kernel pa laputopu ndi make bindeb-pkg, tumizani fayilo ya .deb pa chingwe. Ikani GRUB_DEFAULT=saved n'kugwiritsa ntchito grub-reboot, kuti kernel yoyesedwa iyake kamodzi kokha, ikagwa makina abwerere ku yakale. Secure Boot idzakana kernel yosasainidwa. Izimitseni pa makina amenewa okha. Konzani netconsole kapena chingwe cha serial kuti uthenga wa panic uzifika pa laputopu. Fumbi la mu Ogasiti ndi kutentha kwa mu Okutobala zimatopetsa fani ndi madisiki, choncho muzipukuta mkati ndi kuyang'ana kutentha kwake.

Malipiro a ntchito yonseyi ndi akuti pano mungazule pulagi. Yendetsani fio kapena kapulogalamu kolemba mafayilo ndi fsync, ndipo fayilo iliyonse ikatsimikizidwa, dzina lake ndi sha256sum yake zizitumizidwa ku laputopu. Zulani chingwe kukhoma ntchito ili mkati. Mukayatsanso, lolani filesystem ibwereze journal yake (kaundula wa zolemba zomwe zinali mkati), muichite umount, kenako muyendetse fsck.ext4 -fn, xfs_repair -n kapena btrfs check, n'kuyerekeza mafayilo ndi mndandanda uja. Zomwe sizinafike pa fsync zikasowa, si mlandu. Zomwe fsync inavomera zikasowa kapena kusintha, mwagwira chinachake. Ine ndimaona kuti patch yokhudza journal, writeback kapena flush siyenera kufika pa seva ya anthu isanadutse apa.

Zoopsa. Disiki nayo imanama. Ma SSD ambiri otchipa alibe ma capacitor osunga mphamvu yomalizira kulemba, ndipo ena amawononga zamkati mwawo kapena kuferatu magetsi akadulidwa mwadzidzidzi. Ndiye mukapeza zowonongeka, musathamangire kutsutsa patch. Bwerezani pa kernel yopanda patch, bwerezaninso mutazimitsa write cache ndi hdparm -W 0, yesaninso pa disiki ya mtundu wina. Kuzima kwa malaiti kosakonzekera sikukuthandizani, ngakhale kukuoneka ngati mayeso aulere: kumadula -g auto pakati, ndipo magetsi pobwera amatha kupsereza power supply. Akapita, zulani kukhoma.

Njira yachitatu: kubwereka makina pa cloud

Mtengo. Mumalipira pa ola, m'madola, ndi khadi ya kubanki yololedwa kugula kunja. Kwacha ikagwa, bilu imakwera inu musanachite kanthu. Komabe makina a ma core 16 kapena 32 amamaliza m'mphindi zochepa kukompaila komwe laputopu ikanachezera, ndipo git clone yathunthu imachitikira komweko, osakhudza bandulo yanu ya MTN, Airtel kapena Zamtel. SSH, yolowera nayo pa makina akutaliwo, imadya pang'ono kwambiri.

Kupezeka kwake. AWS inatsegula malo ake ku Cape Town mu 2020, Google Cloud ku Johannesburg mu 2024, kotero kuchedwa kwa mzere n'kopiririka. Netiweki ikamadukaduka, yendetsani zonse mkati mwa tmux, pulogalamu yomwe imasunga ntchito ikuyenda ngakhale mzere utaduka. Mukadzalumikizanso mudzapeza mayeso akupitirira. gce-xfstests imayatsa yokha makina pa Google Cloud, kuyesa, kusunga zotsatira n'kuwazimitsa. kdevops ya Luis Chamberlain imachita zofanana ndi izi pa ma cloud angapo, koma kuiphunzira kumafuna nthawi.

Kasamalidwe. Palibe fumbi, palibe fani. Ntchito yanu ndi kulondera bilu: ikani malire a ndalama, fufutani makina pamodzi ndi madisiki ake mukamaliza, chifukwa disiki yotsala imalipiritsabe ngakhale makina atazima.

Zoopsa. Disiki ya pa cloud si yanu ndipo simuidziwa mkati. Simungaizule, ndiponso khalidwe lake silifanana ndi la disiki ya SATA yomwe ili mu seva yanu ku Katete kapena ku Lundazi. Kupambana kumeneko kumangotsimikiza kuti maganizo a patch ndi olondola. Chachiwiri n'chalamulo: musakweze database yeniyeni ya odwala, ophunzira kapena alimi kuti muyesere. Data Protection Act ya 2021 imafuna kuti zinsinsi za anthu zizisungidwa pa ma seva a m'Zambia momwe muno, kupatula pomwe lamulolo lalola. fio ndi fsstress zimapanga deta yabodza yokwanira.

Njira yachinayi: Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono ka purosesa ya ARM)

Mtengo. Bolodi yokha si yodula kwambiri, koma mukawonjeza chaja yoyenera, kesi, fani, ndi HAT (kabolodi kowonjezera) ya NVMe ngati ndi Pi 5, mukhoza kufika pa mtengo wa desikitopu yakale.

Kupezeka kwake. Kuno n'kosowa, muyenera kuitanitsa n'kudikira.

Kasamalidwe. Imadya magetsi ochepa kwambiri moti batire ya sola imaiyendetsa usiku wonse, ndipo ichi ndicho chokopa chake. Mangani kernel pa laputopu ndi ARCH=arm64 ndi CROSS_COMPILE=aarch64-linux-gnu-, musaivutitse kukompaila yokha.

Zoopsa. Zosokoneza zachuluka. Memori kadi imatopa msanga ndi fstests, ma adaputa ena a USB kupita ku SATA sapereka flush molondola, ndipo chaja yofooka imabweretsa zolakwa zosamveka. Lamulo la vcgencmd get_throttled lidzakuuzani ngati magetsi anaperewera. Kernel ya Raspberry Pi ili ndi zosintha zakezake, ndipo ARM si x86 ya seva yanu. Pali phindu limodzi: Pi 5, yomwe inatuluka mu 2023, imabwera ndi kernel ya page size (kukula kwa chigawo chimodzi cha memori) ya 16K, choncho patch yongoganiza kuti page nthawi zonse ndi 4K imagwidwira pano.

Ndani atenge iti

Wophunzira wokhala ndi laputopu imodzi ndi bandulo yowerengera: QEMU ndi virtme-ng, tarball imodzi kapena git clone --depth 1, ndi -g quick. Mukapeza Wi-Fi yabwino ndiye mudzakokere mbiri yonse ya git.

Mukusaka commit yomwe yabweretsa vuto pakati pa ma kernel awiri: QEMU ngati vutolo likuonekera mu makina onamizira. Laputopu ikachedwa kwambiri, bwerekani makina aakulu pa cloud kwa maola ochepa, muchite bisect, mufufute.

Mukubweza patch ku 6.1 kapena 6.6 kuti ikagwire ntchito pa seva ya kampani, sukulu kapena kopaletivu: njira imodzi siikwana. Werengani kaye mbiri ya mafayilo omwe patch ikukhudza, muone ngati pali commit ina yomwe ikudalira. Yendetsani -g auto mu QEMU kapena pa cloud, pa kernel zonse ziwiri. Kenako desikitopu yakale yokhala ndi disiki yofanana ndi ya mu seva, n'kuzula pulagi kangapo.

Mumakhala komwe magetsi ndi a sola okha, ngati kumidzi ya Chadiza kapena Vubwi, kapena chomwe mukukonza chidzayenda pa ARM: Pi 5 ndi NVMe, osati memori kadi, ndipo zotsatira zake mudzazitsimikizenso pa x86 ngati seva yanu ndi yotero.

Patch yanu ikukhudza T10 PI kapena metadata ya NVMe: QEMU ndi scsi_debug pamodzi ndi blktests, ndipo popereka zotsatira nenani poyera kuti munayesa pa madisiki onamizira.

Muli ndi seva imodzi yokha, ili ndi mbiri ya odwala kapena ndalama za mamembala, ndipo palibe makina ena oyeserapo: abale anga, musaike patch imeneyo. Dikirani kernel yochokera kwa Debian, Ubuntu kapena omwe mumatengako Linux yanu, musiyenso masiku angapo ikatuluka musanaiike. Pakadali pano tengani disiki yakunja, bwezerani backup ya sabata ino pa laputopu, ndipo muyerekeze sha256sum ya mafayilo ake ndi ya omwe ali pa seva.